Kombi ya ku Epworth ndi Nkhukundembo ya Mai Rutendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Giredi 6, pamene anthu a mumsewu wathu ku Epworth anasiya kunditchula Esinati n'kuyamba kunditchula Kombi. Dzinali linabwera chifukwa cha liwiro. Makombi, maminibasi onyamula anthu a masiku amenewo, sankadziwana ndi buleki, ndipo nanenso ndinali chimodzimodzi. Akandituma mchere kugolosale ya pakona, ndinkabwerako wonditumayo asanakhale pansi. Kusukulu, mpikisano wa mamita 100 ndinkapambana chaka ndi chaka, ndipo ndikatsala pang'ono kufika pachingwe ndinkacheuka dala, kuti anthu aone kuti ndili ndi nthawi yocheukira. Ndivomere pompano kuti ndinali mwana wamatama.

Makolo anga anabadwira pafamu ya fodya cha ku Mvurwi, komwe agogo anafikira atachoka ku Dedza kalekale. Ife ana tinabadwira ku Harare. Panja tinkalankhula Chishona ngati wina aliyense, koma tikangolowa pageti Chichewa chinkayamba, chifukwa mwana akalankhula Chishona m'nyumba abambo ankakhala ngati sanamve. Abambowo ankagwira ntchito pafakitale ina ku Southerton, yoponya malasha m'ng'anjo yaikulu yowiritsa madzi, imene iwo ankaitcha boila. Anali munthu wa mawu ochepa. Amayi ankalawirira ku Mbare kukapikula tomato, ndipo tsiku lonse ankakhala pamsika. Choncho amene ankalamulira pakhomo masana anali azakhali anga a Nachisale, mlongo wawo wamkulu wa abambo, amene anabwera kudzakhala nafe amuna awo atamwalira. Azakhali ankagulitsa mandasi pageti ya sukulu yathu. Anali onenepa, a mawu aakulu, ndipo sindinawamvepo akunena kuti chinthu changochitika chokha. Nkhuku ikafa, panali munthu. Mandasi akapserera, panali munthu.

Nyumba yachitatu kuchokera kwathu inali ya Mai Rutendo. Pabwalo pawo panali chitsime chokhacho cha madzi oyera mumsewu wonse, chimene sichinkauma ngakhale m'chilimwe, ndipo tonse tinkatunga kumeneko mwaulere, malinga ukhale waulemu. Mwana wawo Rutendo tinali naye kalasi imodzi. Anali wamtali, woonda, woyenda ngati sakudziwa bwino komwe akupita. Pa mamita 100 ankafika wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, ndipo ine sindinkamuwerengera n'komwe.

Chaka chimenecho, kutatsala masiku awiri kuti tsiku la masewera lifike, mtsikana amene ankayenera kuthamangira gulu lathu la Ofiira mamita 800 anadwala katsabola. Aphunzitsi athu a sayansi, Mai Moyo, amenenso ankayang'anira gululo, anandiitana.

"Esinati, ungathe kuzungulira bwalo kawiri?"

"Ngakhale kanayi," ndinatero.

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Amenewa si mamita 100 ayi. Ukayambe pang'onopang'ono, ukhale kumbuyo kwa otsogola. Mphamvu uzisungire kumapeto."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinawamvera chisoni. Ndinawerengera kuti 800 ndi 100 kasanu n'katatu, ndipo popeza 100 ndinkapambana nthawi zonse, ndiye kuti ndikangopambana kasanu n'katatu motsatizana. Masamu amenewa anandikhutiritsa kwambiri. Lamulo linali lakuti mwana athamange mpikisano umodzi basi, choncho mamita 100 anga ndinawasiyira mtsikana wina ngati munthu wopereka diresi imene yamuthina. Ana a Giredi 6 ndi 7 amene afika woyamba ndi wachiwiri ankapita kumpikisano wa masukulu onse a m'dera lathu, pa basi, ndipo kumeneko ankalandira buledi ndi zakumwa. Ine basiyo ndinali nditaikwera kale m'maganizo, pampando wa pawindo.

Azakhali nawo anachita mbali yawo. Aliyense amene anagula mandasi Lachitatu ndi Lachinayi analandirapo nkhani yaulere, yakuti mwana wa achimwene awo Lachisanu aonetsa ana a eni dziko mmene amathamangira anthu a ku Dedza. Iwo ku Dedzako anali asanapondeko.

Lachisanu m'mawa ndinapita nawo azakhali kukatunga madzi. Tinapeza Mai Rutendo akuphula mbatata, ndipo anandipatsa imodzi yotentha. Kenako anawerama n'kundigwira katumba, akuseka, nanena m'Chishona kuti miyendo imeneyi lero imuchitire chifundo mwana wawo, chifukwa nayenso akuthamanga 800. Mbatatayo ndinaidyera panjira, ndikuisinthasintha m'manja. Azakhali anaona zonsezo.

Bwalo la sukulu linali la udzu wotchetcha ndi zikwanje, mizere yake yolembedwa ndi laimu. Kunkanunkhira udzu wauwisi ndi mafuta a mandasi. Abambo tsiku limenelo sanali pantchito, ndipo anaima kumpanda atagwira njinga yawo. Tinandanda atsikana asanu ndi atatu, tonse opanda nsapato.

Wezulo italira, ndinachita chimene ndinkadziwa. Pofika pakona yoyamba sindinkamvanso mapazi a munthu kumbuyo kwanga. Ana a gulu la Ofiira anayamba kuimba kuti "Mhanya Kombi, mhanya," ndiye kuti thamanga, ndipo mawu a azakhali ankamveka pamwamba pa onsewo. Nditadutsa pamene anaima Mai Moyo, ndinawaona akugwedeza manja ngati munthu woimitsa galimoto. Ndinaganiza kuti akundichemerera, ndipo ndinawonjezera liwiro. Ndinacheuka. Anzanga anali kutali, ataunjikana pamodzi ngati anthu opita kumaliro, Rutendo ali pakati pawo.

Vuto linayamba ndisanamalize n'komwe kuzungulira koyamba. Ndinamva kutentha m'ntchafu, ngati wina wandithira tsabola m'kati mwa mnofu. Kenako mikono inalemera. Kenako miyendo inasiya kumva Chichewa ndi Chishona chomwe. Ndinkaiuza kuti nyamukani, iyo n'kumanyamuka theka. Pakamwa panali yasa, mpweya ndinkaukoka ndithu, koma unkangothera pakhosi. Belu losonyeza kuti kwatsala kuzungulira kamodzi litalira, ndinamva ngati akundiuza kuti ndikayambirenso sukulu ku Giredi 1.

Rutendo anandidutsa pakona, mosapupuluma, akupuma ngati munthu wopita kukagula buledi. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndili bwino. Funso limenelo linandipweteka kuposa ntchafu. Ena anadutsa mmodzimmodzi. Womaliza kundidutsa kanali kamtsikana ka Giredi 5, kamene kanalowa mpikisanowo pongosowa wina, ndipo kankathamanga katagwira siketi kuti isavuke. Nyimbo ya Ofiira inazima. M'malo mwake mnyamata wina wa gulu la Obiriwira anakuwa kuti kombi yatha petulo, okwera atsike akankhe, ndipo bwalo lonse linafa nazo kuseka.

Pachingwe sindinafike. Chapakati pa kuzungulira kwachiwiri ndinakhala pansi, kenako ndinagona chagada pa udzu. Chimene chinandiopsa si miyendo koma kupuma. Ndinali nditaima, thupi silinkachita chilichonse, koma chifuwa chinkakwera ndi kutsika chokha, mtima ukugunda m'makutu. Azakhali anafika atasiya beseni la mandasi m'manja mwa munthu wosamudziwa. Anandithira madzi kumaso n'kuyamba kundikupiza ndi chitenje.

"Taonani," anauza anthu amene anatizungulira. "Mwanayu waima kalekale. Nanga akupumiranji ngati akuthamangabe? Chilipo chimene chikumuthamangitsa m'katimu."

Mai Moyo anandidzutsa n'kumandiyendetsa pang'onopang'ono atandigwira mkono, azakhali akutsatira m'mbuyo, akutsutsa kuti wodwala sayendetsedwa. Panapita nthawi ndithu kuti ndithe kulankhula, ndipo mawu anga oyamba anali ofunsa amene wapambana. Anali Rutendo.

Abambo ananditenga panjinga popita kunyumba. Titafika pageti ndi pamene anati, "Koyambirira kuja unathamanga bwino."

Pomwe amayi ankabwera kuchokera kumsika, azakhali anali atamaliza kale kufufuza mlandu. Panali mbatata ija. Panali dzanja lija pakatumba. Panali mawu aja akuti miyendo ichite chifundo, ndipo miyendoyo inachitadi chifundo. Pomaliza, wopambana anali mwana wa mayi yemweyo. Apa ndiyenera kunena zoona ngakhale zikundichititsa manyazi: maganizo amenewa anandikomera kwambiri. Kulodzedwa kunali bwino kusiyana ndi kudutsidwa ndi kamwana kogwira siketi. Azakhali atandifunsa ngati mbatatayo inkamveka zachilendo, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti inali yowawirako pang'ono. Inali yotsekemera ngati uchi.

"Alamu," anatero amayi, "tikayambana ndi Mai Rutendo, madzi tizikatunga kuti?"

Funsolo linali lenileni. Chitsime china chinali kutali, kuseri kwa miyala ikuluikulu yosanjikizana ya ku Epworth, ndipo madzi ake anali ofiirira. Amene akanasenza ndowa mtunda wonsewo ndinali ine ndi amayi.

"Tizikamwa matopewo," anayankha azakhali. "Koma mayi ameneyu adziwe kuti tamuona."

Loweruka m'mawa, amayi atapita ku Mbare, azakhali anamanga duku, namanganso chitenje chofiira molimba m'chiuno. Abambo anali pakhonde akumata chubu cha njinga.

"Achemwali, ulendo wa kuti?"

"Kukafunsa funso limodzi basi."

"Funso limenelo litha kutiumitsira ndowa."

"Inu achimwene mumangodziwa malasha. Iwe, tiye."

Ananditenga ine ngati umboni. Nyumba zitatu zokha, koma njirayo inanditalikira. Ndinkaganiza za Mai Rutendo, amene sanandilakwirepo chilichonse, ndiponso za madzi ofiira aja. Ndinkafuna kunena kuti mbatata inali yabwino, koma dzanja la azakhali linali litandigwira pamkono ngati pulayazi.

Chimene sitinadziwe n'chakuti dzulo lake mchimwene wawo wa Mai Rutendo anabwera kuchokera kumudzi ndi nkhukundembo yaimuna, yoti idzaphedwe pa Isitala. Inali isanazolowere malo, ndipo inkaoneka kuti yakwiyira Harare yense. Titangotsegula geti, azakhali n'kuodira ndi mawu awo aja, chimbalamecho chinatulukira kuseri kwa bafa chitatambasula mchira, mapiko akukhukhuluza pansi, khosi lili psuu. Chinandiyang'ana ine, kenako chinayang'ana chitenje chofiira, n'kusankha. Azakhali anachiuza kuti "shi". Icho chinayankha m'chilankhulo chake, n'kudumpha.

Sindinkadziwa kuti azakhali amatha kuthamanga. Ndikukhulupirira kuti nawonso sankadziwa. Anatembenuka pamalo amodzi, anandidutsa ine Kombi ndisananyamule phazi, natuluka pageti. M'malo molowera kwathu, mantha anawakhotetsera mbali inayo, ndipo anazungulira mzere wonse wa nyumba. Nkhukundembo inawatsatira mpaka pagolosale, pomwe inaona chimanga chotayika pansi n'kuiwala mlandu wonse. Azakhali sanacheuke, choncho sanadziwe. Anapitiriza kudutsa pa okonza nsapato, kudutsa pa ometa tsitsi, anthu akupatuka, mpaka anatulukira kwathu chakumtunda, patapata mmodzi palibe, duku palibe, nadzigwetsa pampando wa pakhonde.

Ine ndinayamba ndaonerera, kenako ndinabwerera njira yachidule, ndikuyenda. Ndinawapeza atagwira pachifuwa, pakamwa pali yasa, mapewa akukwera ndi kutsika. Abambo anali atasiya chubu chija. Anavula wotchi yawo n'kuiika pabondo.

"Achemwali, funso lija mwafunsa?"

Azakhali anakweza dzanja. Mawu sanatuluke.

Abambo anadikira, maso ali pawotchi. "Mphindi ziwiri tsopano chikhalireni pansi. Mwaima kalekale. Nanga mukupumiranji ngati mukuthamangabe?"

"A... achimwene..."

"Mbatata mwadya kwa yani m'mawa uno?"

Ndinabisa nkhope m'diresi. Azakhali anandiponyera diso loti tidzakambirana, koma analibe mpweya wokwanira kulikuza kukhala mawu. Atayamba kupeza bwino, abambo anawafunsa modekha ngati miyendo inalemera, ndipo iwo anavomera kuti inayamba kulemera cha pa ometa tsitsi paja. Anawafunsanso ngati m'ntchafu munatentha. Apa n'kuti manja awo onse awiri akusisita kale ntchafu.

Tili chomwecho, pageti panamveka odi. Anali Mai Rutendo, patapata ali kudzanja lino, duku kudzanja linalo. Anapepesa kwambiri, nati chimbalame chija achigwira ndipo achimangirira pamtengo wa mapeyala. Kenako anafunsa chimene tinadzera m'mawa muno, poti sanaone ndowa.

Abambo anatola chubu chawo n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa ngati chalembedwa nkhani. Ine ndinkawerenga zala zakumapazi. Azakhali anakoka mpweya wautali, ndipo sindikudziwa ngati unali wa liwiro lija kapena wa chimene ankati anene.

"Tinabwera kudzayamikira mwana wanu," anatero. "Anathamanga bwino dzulo."

Mai Rutendo anasangalala kwambiri, nalonjeza kuti nkhukundemboyo ikadzaphedwa mwendo umodzi udzakhala wa azakhali. Lonjezolo analisunga. Pa Isitala azakhali anaudya mwendowo pang'onopang'ono, osagawira munthu, mpaka kuswa fupa.

Masana a Loweruka lomwelo ndinkakoleza mbaula kuseri kwa nyumba, abambo n'kubwera kudzanjuta pafupi. Anatola kachidutswa ka lata n'kutseka kakhomo kolowera mphepo kamunsi kaja. Moto sunazime, koma posakhalitsa makala anayamba kufuka, utsi n'kundilowa m'maso.

"Ukuona? Ukuyakabe, koma mpweya wachepa, ndiye ukusiya utsi. Kuntchito kwathu akafuna nthunzi yambiri mwadzidzidzi, ndimaponya malasha mofulumira kuposa mpweya umene ukulowa. Kwa kanthawi zimatheka. Ukapitiriza, ng'anjo imatsamwa. Ndipo ukasiya kuponya, chokupizira mpweya m'ng'anjomo suchizimitsa nthawi yomweyo. Umachisiya chizizungulira mpaka utsi utuluke wonse."

Anachotsa lata lija n'kundipatsa katoni kuti ndikupize. "Iwe dzulo unaponya malasha onse pakona yoyamba."

Ndinakupiza mpaka makala anafiira. Ndili choyang'ana motowo, ndinawauza kuti mbatata ija sinali yowawa.

"Ndinadziwa," anatero. "Ikanakhala yowawa sukanaimaliza."

Lolemba Mai Moyo anandisandutsa phunziro. Anajambula mwendo pabolodi, ndipo ngakhale sanalembepo dzina, kalasi yonse inadziwa mwini wake. Anafotokoza kuti minofu imapeza mphamvu kuchokera ku shuga wa m'zakudya, ndipo ili ndi njira ziwiri zochitira zimenezo. Njira yoyamba imafuna mpweya umene magazi amanyamula kuchokera m'mapapo. Imeneyi ndi yodekha, koma munthu atha kuyenda nayo tsiku lonse. Yachiwiri siidikira mpweya. Imaphwanya shugayo mwachangu n'kupereka mphamvu pompopompo, ndipo ndi imene imakupulumutsa galu akakuthamangitsa.

"Kapena nkhukundembo," anatero wina kumbuyo, pakuti nkhani inali itafika kale kusukulu.

Mai Moyo anadikira kuti phokoso lithe, ngakhale nawonso milomo inkawavuta. Anapitiriza kunena kuti njira yachanguyo imasiya asidi m'minofu, ndipo asidiyo akachuluka minofu imatentha n'kuyamba kukana ntchito. Pa mamita 100 mpikisano umatha zinthu zisanafike poipa. Pa 800, ukayamba ndi liwiro lonse, mtima ndi mapapo zimalephera kubweretsa mpweya wokwanira liwirolo, ndipo miyendo imakuthera panjira. Ukaima, thupi limafunabe mpweya wambiri kuposa wa munthu wongokhala, kuti libwezeretse zimene minofu inatapa mosadikira ndi kukonza zotsalira zija. Ndiye chifukwa chake umapumabe wefuwefu ngakhale utakhala pansi, ndipo ukathamanga mwamphamvu kwambiri wefuwefuyo amachedwanso kutha.

Kenako anatitulutsa panja. Theka la kalasi linayenda wamba mpaka kumpanda ndi kubwerera, theka linalo linathamanga mtunda womwewo ndi mphamvu zonse. Tonse titakhala pansi, anatiuza kuti tiwerenge kupuma kwathu, iwo akuyang'ana wotchi. Oyenda aja anakhazikika msanga n'kuyamba kucheza. Othamangafe tinali tikadapumirabe m'mwamba, ndipo ena ankasokoneza chiwerengero. Palibe mwa ife amene anadya mbatata ya munthu.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa Rutendo kukamufunsa mmene amachitira. Ndinazengereza masiku atatu. Nditamufunsa pachitsime, sanandiseke. Anati m'mawa uliwonse asanapite kusukulu amathamanga ndi mchimwene wake kuzungulira miyala yosanjikizana ija, pang'onopang'ono, akucheza. Lamulo lawo linali limodzi: ngati sukutha kulankhula, ndiye kuti wafulumira. Ndinayamba kupita nawo. Kulankhula sikunandivute, poti ndinali wolongolola chibadwire. Chinandivuta n'chakuti anthu ankandiona ndikuthamanga pang'onopang'ono. Azimayi otunga madzi ankafunsa ngati kombi yaphwa tayala. Masiku oyamba ndinkapsa mtima n'kuwaonetsa liwiro, ndipo Rutendo ankandipeza kutsogolo nditagwira mawondo, n'kupitiriza nkhani imene tinasiyira ngati palibe chachitika.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, abambo ankandiuza kuti ndizungulire mzere wa nyumba uja umene azakhali anautsegulira, ndipo ndikafika ankayang'ana wotchi mpaka nditatha kunena dzina langa lonse, la abambo ndi la agogo osapumira pakati. Miyezi ikupita, nthawi imeneyo inkacheperachepera. Sankandiyamikira. Ankangovala wotchi yawo msanga kuposa sabata yatha, ndipo ine ndinkaona.

Chaka chotsatira, ndili Giredi 7, ndinapempha ndekha mamita 800. Wezulo italira miyendo inkandiyabwa, koma ndinakhala kumbuyo kwa phewa la Rutendo. Ana a Ofiira anayamba kudandaula kuti Kombi yakalamba. Ndinawasiya. Tinazungulira koyamba ndikupuma bwinobwino, belu linalira, tinadutsa atsikana awiri amene anayamba monga ndinayambira ine chaka chatha, ndipo mmodzi ndinamumvera chisoni chenicheni. Pakona yomaliza ndi pamene ndinamasula zonse. Kutentha kuja kunabwera m'ntchafu, ndinakuzindikira, koma ulendo uno chingwe chinali pafupi. Rutendo anafika woyamba, ine wachiwiri, kusiyana phazi limodzi.

Sindinagone pansi. Ndinkayenda manja ali m'chiuno, ndikupuma wefuwefu, pamene mayi wina anathamangira kwa ine ndi botolo la madzi kuti andikhazike pansi. Azakhali anamutchinga ndi mkono.

"Musiyeni ayende," anatero mokweza kuti onse amve. "Akutulutsa utsi. Anthu inu simudziwa thupi la munthu?"

Basi ija tinakwera, ine ndi Rutendo, ndipo tinasinthana mpando wa pawindo. Kumpikisano wa dera anatigonjetsa kotheratu atsikana a miyendo yaitali ochokera kusukulu zina. Buledi anali wabwino.

Lero ndine namwino. Pophunzira ntchitoyi ndinadzamva kuti nkhani ija ndi yozama kuposa utsi wa mbaula. Zotsalira zimene minofu imasiya ikagwira ntchito mosadikira mpweya si poizoni ayi. Magazi amazinyamula, mtima umazigwiritsa ntchito ngati chakudya, zina chiwindi chimazibwezera kukhala shuga. Thupi silitaya kanthu, limangofuna nthawi ndi mpweya. Odwala amene akuyambiranso kuyenda atagona nthawi yaitali amachita mantha akaona kuti akupumabe mwamphamvu atakhala kale pabedi, ndipo ndimawauza kuti si matenda atsopano, ndi thupi likumaliza ntchito imene miyendo yasiya.

Koma chimene ndamvetsa mochedwa n'china. Ndikaweruka kuchipatala nditaima tsiku lonse, ndimafika kunyumba n'kukhala pakhonde ndisanavule nsapato. Ana anga amabwera ndi makope, ndi milandu, ndi njala, ine n'kumangowayang'ana. Ndimakhala nditafika, koma m'kati ndikadali muwodi, ndipo pamatenga kanthawi kuti ndikhale mayi wawo. Tsiku lina ndili chikhalire choncho ndinakumbukira kuti abambo akabwera kuchokera ku Southerton ankakhala panjerwa pafupi ndi geti, njinga itatsamira mwendo wawo, kwa nthawi ndithu asanalowe m'nyumba. Ife ana tinkayenda monyang'ama, poganiza kuti atikwiyira.

Abambo akadali moyo, akalamba, ndipo akukhalabe ku Epworth. Nditapita kukawaona mwezi watha ndinawauza kuti tsopano ndamvetsa chimene ankakhalira panjerwa paja, kuti munthu amene wagwira ntchito yolemetsa sapuma nthawi yomwe waimayo, ndipo om'konda ayenera kumupatsa mpata. Ndinalankhula bwino ndithu, mpaka misozi inalengeza. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, nagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zimenezonso n'zoona," anatero. "Koma makamaka ndinkadikira kuti azakhali ako amalize kulankhula."